Kodi Wowerenga Makhadi Amaidyadi Kasino?

Mwakhala patebulo la blackjack ku Las Vegas, mwaika $10 pansalu yobiriwira. Wogawa makhadi wakuponyerani 10 ndi 6. Iye ali ndi makhadi awiri, lina lovundikira, lina loonekera, ndipo loonekeralo ndi K, yemwe pamasewerawa amawerengedwa 10. Inu muli pa 16. Mukakoka khadi lina, lililonse loposa 5 likupyoletsani 21, mwapsa. Mukaima, wogawayo akungofuna kuti lovundikira lija likhale 7 kupita m'mwamba, basi wakudyani. Mayi wa kumanzere kwanu akunong'ona kuti imani, bambo wa kumanja akuti kokani, wogawa wangoti duu kudikira.

Funso limeneli lili ndi yankho, ndipo yankholo silichokera kumaloto kapena kwa asing'anga. Anthu analiwerengera kalekale. Mutakumana ndi 16 ameneyu kambirimbiri, kuima kumakutayitsani pafupifupi $54 pa $100 iliyonse, kukoka nakonso kumakutayitsani pafupifupi $54 yomweyo, kungoti kumachepako pang'ono zedi. Ndiye mumakoka, osati poti mupambana, koma poti bala lake ndi locheperako. Ndayambira dala pa gemu yoipa chonchi. Ambiri akamva za blackjack amakumbukira anyamata a ku yunivesite omwe ankatuta madola m'makasino powerenga makhadi, pomwe kwa munthu wowadziwa masewerawa, nthawi yambiri imathera posankha bala laling'ono pa mabala awiri.

Malamulo ake ndi ochepa. Makhadi a 2 mpaka 10 amawerengedwa mmene alembedwera, J, Q ndi K onse ndi 10, pomwe A ndi 1 kapena 11 malinga ndi chomwe chikukukomerani. Simulimbana ndi anzanu apatebulo ayi, mdani wanu ndi wogawa yekha: muyandikire 21 kuposa iye, koma osapyola. Wogawa alibe chosankha. Akakhala pa 16 kutsika m'munsi amakoka, akafika 17 amaima. Nanga kasino imadyera pati, popeza makhadi ndi amodzimodzi? Imadyera pa kutsogoza inu. Mukapsa, ndalama yanu imatengedwa pomwepo, ngakhale wogawayo akapsenso pambuyo pake, ndipo amapsadi, magemu pafupifupi 28 pa 100 alionse. Munthu wonena kuti "ine ndingotsanzira wogawa, ndizikoka mpaka 17" amataya pafupifupi $5.50 pa $100 iliyonse yomwe wabetcha.

Kuti anthu asathawe, kasino imabwezako tina. Makhadi anu awiri oyamba akakhala A ndi lina la 10, imeneyo ndiyo blackjack, ndipo mwamwambo pa $10 amakupatsani $15. Mumaloledwa kuwirikiza beti n'kulandira khadi limodzi lokha. Makhadi awiri ofanana mutha kuwapatula, akhale magemu awiri, iliyonse ndi beti yake. Ndipo inu mutha kuima pa 12 kapena 13, zomwe wogawa saloledwa. Luso lonse lagona pa kudziwa nthawi yogwiritsa ntchito timwayi timeneti.

Oyamba kuziwerengera bwinobwino anali asilikali anayi a ku America: Roger Baldwin, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott, omwe ankagwira ntchito ku Aberdeen Proving Ground m'chigawo cha Maryland. Analibe kompyuta. Ankagwiritsa ntchito timakina towerengera tapadesiki, ndipo mu 1956 anasindikiza zomwe anapeza m'magazini ya akatswiri a ziwerengero, Journal of the American Statistical Association. Ichi ndicho chiyambi cha zomwe osewera amazitcha basic strategy, tchati chokuuzani chochita pa makhadi alionse omwe muli nawo, molingana ndi khadi lomwe wogawa akuonetsa. Makompyuta atabwera anakonzamo tolakwika tingapo, koma thupi lake ndi lomwe lija.

Tchaticho chimaoneka choopsa ukachiona koyamba, timabokosi toposa 200, koma nzeru yake ndi imodzi. Makhadi a 10 ndiwo ochuluka, 16 pa 52 a m'paketi. Wogawa akaonetsa 4, 5 kapena 6 ali pamavuto, poti ayenera kukoka ndithu, ndipo akaonetsa 6 amapsa magemu pafupifupi 42 pa 100. Pamenepo inu mukakhala pa 12 mpaka 16 imani, mumsiye adzipsere yekha. Akaonetsa 7 mpaka A ndi wamphamvu, kuima pa 15 n'kungodikira imfa, ndiye kokani mpaka 17. Mukakhala pa 11 wirikizani. Ma A awiri apatuleni, ma 8 awiri apatuleninso chifukwa pamodzi ndi 16 woipa uja. Ma 10 awiri musawakhudze, 20 ndi wokwanira, dyera lisakupatulitseni. Ma 5 awiri ndi 10 wabwino wowirikizira.

Povuta ndi pomwe tchati chimatsutsana ndi mtima. Muli pa 12, wogawa waonetsa 2 kapena 3: tchati chikuti kokani, pomwe mtima ukuona kale khadi la 10 likubwera kudzakupsereza. Muli ndi A ndi 7, ndiye kuti 18, wogawa waonetsa 9: tchati chikuti kokani, pomwe aliyense patebulopo akudabwa kuti munthu angasokoneze bwanji 18. Koma 18 pamaso pa 9 ndi wogonja kale. Apa mpamene ophunzira ambiri amagwera. Amaloweza tchati chonse, koma akaluza kawiri motsatizana pa lamulo limodzi amayamba kunena kuti lero makhadi akuyenda mwina. Makhadi sayenda mwina. Tchati sichilonjeza gemu imeneyo, chimanena za magemu zikwizikwi ataphatikizidwa.

Pali nyambo ina yomwe dzina lake lokha limanyenga: inshuwalansi. Wogawa akaonetsa A amafunsa ngati mukufuna kuteteza beti yanu poikapo theka lina. Kunena zoona palibe chomwe mukuteteza. Mukungobetcha kuti khadi lovundikira ndi la 10, ndipo mukalondola amakupatsani 2 pa 1 iliyonse. Tawerengani nokha. Pa mitundu 13 ya makhadi, 4 ndiyo ya 10. Mukabetcha $1 maulendo 13, mupambana kanayi n'kulandira $8, muluza maulendo 9 n'kutaya $9. Dola imodzi pa 13 iliyonse yapita, kuposa 7 peresenti. Chikomekome cha nkhuyu. Wosewera ndi tchati chokha sagula inshuwalansi, ngakhale atakhala ndi 20, ngakhale atakhala ndi blackjack.

Kuloweza tchatichi sikulira sukulu. Paketi imodzi ya makhadi, mphasa, ndi madzulo angapo: mudzigawire awiri, muponye limodzi la wogawa, munene chochita mokweza musanayang'ane papepala. Makasino ambiri a ku Las Vegas amagulitsa okha timakhadi ta tchatichi m'mashopu awo ndipo amalola munthu kukaika patebulo. Zimenezi zokha zikuuzeni kanthu. Munthu wosewera mosaphonya ngakhale kamodzi, patebulo la malamulo abwino, amatayabe pafupifupi 50 senti pa $100 iliyonse. Akamabetcha $10 magemu 70 pa ola, ndalama yodutsa patebulo ndi $700, ndipo yotsalira kukasino ndi $3.50 pa ola. Ndi mtengo wotsika poyerekeza ndi juga zina zambiri m'nyumbamo, koma ndi mtengo ndithu, si malipiro.

Ndipo mawu oti "malamulo abwino" ndi olemera kuposa mmene amamvekera. Kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 2000, matebulo ambiri ku Las Vegas, makamaka a beti yotsika, anayamba kulipira blackjack 6 pa 5 m'malo mwa 3 pa 2. Pa $10 mumalandira $12, osati $15. Zikuoneka zazing'ono, koma blackjack imabwera pafupifupi kamodzi pa magemu 21, ndiye $3 imeneyo pa $210 iliyonse ndi 1.4 peresenti yowonjezera. Kachikwangwani kamodzi patebulo kachulukitsa phindu la kasino pafupifupi kanayi, ndipo palibe luso lomwe lingabweze zimenezo. Palinso matebulo omwe wogawa amakokabe akakhala ndi A ndi 6, zomwe zimakomera kasino. Ku Britain ndi maiko ambiri a ku Ulaya wogawa satenga khadi lake lachiwiri mpaka osewera onse atamaliza, ndipo akapeza blackjack amatenga ndi ndalama zowirikiza zomwe. Kumeneko tchati chimasintha: suwirikiza 11 pamaso pa 10, supatula ma 8 pamaso pa 10 kapena A. Woloweza tchati cha ku America n'kukachisewerera ku London waloweza cha mudzi wina.

Tsopano kuwerenga makhadi kumene. Mu 1962 Edward Thorp, mphunzitsi wa masamu yemwe anayambira kafukufukuyu ku yunivesite ya MIT pa kompyuta ya IBM 704, anatulutsa buku lotchedwa Beat the Dealer. Mfundo yake inali yosavuta moti munthu umadabwa kuti ena onse ankayang'ana kuti. Pa roulette, kampira kakagwera pofiira kakhumi, ulendo wotsatira mwayi ndi womwe uja. Pa blackjack, khadi lomwe latuluka silibwerera mpaka atasakanizanso. Zotsala m'paketi zimasintha gemu iliyonse, ndipo nthawi zina zimakomera wosewera. Mu 1961 Thorp anapita ku Reno ndi ku Lake Tahoe ndi $10,000 ya anthu awiri olemera okonda juga, ndipo m'maola pafupifupi 30 akusewera anapindula $11,000.

Chomwe chimakomera wosewera ndi kuchuluka kwa ma 10 ndi ma A m'makhadi otsala. Ma blackjack amachuluka, ndipo ngakhale wogawa nayenso amawapeza mofanana, iye akapeza amangotenga $10 yanu pomwe inu mukapeza mumatenga $15. Wogawa akakhala pa 15 ayenera kukoka ngakhale m'paketimo mwadzaza ma 10, pomwe inu mutha kuima. Kuwirikiza pa 10 ndi 11 kumabala bwino. Makhadi ang'onoang'ono, makamaka 5, ndiwo amapulumutsa wogawa, amasandutsa 16 wake kukhala 21. Akatuluka ambiri, wogawa watsala pambalambanda.

Anthu amaganiza kuti wowerenga makhadi amaloweza khadi lililonse, monga zinalili mu filimu ya Rain Man ya mu 1988. Si choncho. Njira yofala, Hi-Lo, yomwe Harvey Dubner anaionetsa mu 1963, imangofuna kuti musunge nambala imodzi m'mutu. Khadi la 2 mpaka 6 likatuluka onjezani 1. La 10, J, Q, K kapena A likatuluka chotsani 1. La 7, 8 ndi 9 lisiyeni. Taonani gemu imodzi: woyamba ali ndi 5 ndi 3, muli pa 2, wachiwiri K ndi 6, zafafanizana, mukadali pa 2, inu 9 ndi 4, mwafika 3, wogawa waonetsa 2, mwafika 4, woyamba wakoka Q, mwabwerera pa 3. Basi. Katswiri wa bawo, yemwe amaona komwe nkhomo yomaliza ikagwere asanatape dzenje, amachita masamu ovuta kuposa amenewa. Chovuta ndi liwiro ndi phokoso: nyimbo, woperekera zakumwa akukufunsani, wogawa akukokolola makhadi musanawaone bwino, inunso mukuyenera kuseka ndi kucheza ngati munthu wongodzasangalala. Ophunzira amadziyesa potsitsa paketi yonse pasanathe masekondi 30. Popeza ang'onoang'ono ndi 20 ndipo akuluakulu ndi 20, mukamaliza muyenera kukhala pa 0. Mukathera pena, mwaphonya.

Masiku ano matebulo ambiri amasakaniza mapaketi 6 kapena 8 m'bokosi limodzi, ndiye nambala ija iyenera kugawidwa ndi mapaketi omwe atsala. Kukhala pa 6 kutatsala mapaketi 6 ndi 1 chabe. Kukhala pa 6 kutatsala mapaketi 2 ndi 3. Mchere womwewo umamveka mosiyana mumphika waukulu ndi mukapoto. Nambala yogawidwayi ikakwera ndi 1, mwayi umasunthira kwa wosewera ndi pafupifupi theka la peresenti. Pa 1 mwafanana ndi kasino, pa 2 mwaiposa ndi theka, pa 3 mwaiposa ndi 1 peresenti, ndipo pa 3 pomwepo inshuwalansi ija imasanduka beti yabwino. Ngakhale 16 wathu wa poyamba uja amasintha: nambala ikangokhala pamwamba pa 0, mumaima.

Koma ndalama yeniyeni siili m'kusintha kaseweredwe, ili m'kukula kwa beti. Nthawi zambiri bokosi limakomera kasino, ndipo wowerenga amabetcha kochepetsetsa, kumangoluza pang'onopang'ono akudikira. Nambala ikakwera amaika kasanu ndi katatu, mwina kakhumi ndi kawiri kuposa beti yake yaing'ono. Zonse zikayenda bwino, phindu lake limakhala pafupifupi 1 peresenti ya ndalama zonse zomwe wabetcha. Tiyike m'madola: beti zake zikamazungulira pa $25, magemu 70 pa ola, akuyembekeza $17.50 pa ola. Koma ola lomwelo kupambana kapena kuluza $250 ndi chinthu wamba, ndipo beti zikamakwera ndi kutsika chonchi zimaposa pamenepo. Phindu ndi kakang'ono, mafunde ndi aakulu. Munthu wowerenga mosaphonya atha kukhala pansi pa mpamba wake milungu, ngakhale miyezi. Ngakhale nambala itakwera, magemu omwe amaluza amachulukabe kuposa omwe amapambana. Chomwe chimamutulutsa ndi ma blackjack ndi mowirikiza muja.

N'chifukwa chake nkhani ya mpamba ndi yaikulu kuposa ya kuwerenga. Mu 1956, chaka chomwe asilikali aja anasindikiza tchati chawo, John Kelly wa ku Bell Labs analemba za kuchuluka kwa ndalama yomwe munthu ayenera kubetcha akakhala ndi mwayi woposa mnzake, ndipo Thorp anaitengera nzeruyi ku blackjack. Mwachidule, beti ikhale gawo la mpamba lolingana ndi mwayi wanu. Mukaposa kasino ndi 1 peresenti, beti isafike 1 peresenti ya mpamba: pa $10,000 ndi pafupifupi $75, ndipo akatswiri ambiri amaika theka la imeneyo kuti azigona tulo. Wobetcha kuwirikiza kawiri mlingo wa Kelly mpamba wake sukula, ndipo woposa pamenepo amathera pansi ngakhale akuwerenga bwino. Aliyense amene anagulitsako tomato pamsika akudziwa: malonda atha kukhala aphindu, koma mpamba ukakhala wa dengu limodzi, tsiku limodzi la mvula likutsekera geni.

Izi n'zosiyana kotheratu ndi njira zobetchera zomwe anthu amauzana m'mabala. Yotchuka ndi martingale: ukaluza wirikiza, tsiku lina upambana n'kubweza zonse. Yambani ndi $10. Mwaluza, 20. Kenako 40, 80, 160, 320, 640. Mwaluza kasanu ndi kawiri, $1,270 yapita, ndipo kuti mupeze phindu la $10 muyenera kuika $1,280. Tebulo lomwe malire ake ndi $1,000 silikulolani n'komwe. Kuluza kasanu ndi kawiri motsatizana si tsoka lachilendo. Pa blackjack zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 80 omwe mwayamba mndandandawo. Njira imeneyi imakupatsani timadola tambiri tosangalatsa, kenako n'kukulandani zonse usiku umodzi. Kukweza beti poti mwaluza, kapena poti mwapambana katatu ndiye "tebulo latentha", sikusintha kanthu m'bokosi la makhadi. Wowerenga amakweza chifukwa cha makhadi omwe atsala. Wa martingale amakweza chifukwa cha ndalama zomwe zapita.

Eni makasino sanagone. Mu April 1964 a ku Las Vegas analetsa kupatula ma A ndipo analola kuwirikiza pa 11 pokha. Osewera wamba anathawa matebulo, ndipo patangopita milungu yochepa malamulo akale anabwerera. Anaphunzirapo kuti ndi bwino kulimbana ndi wowerenga payekha kusiyana ndi kukwiyitsa khamu. Anachulukitsa mapaketi. Anayamba kuika khadi lodulira msanga, kuti paketi imodzi kapena awiri asagawidwe n'komwe, popeza nambala imakwera kwambiri chakumapeto kwa bokosi. Kenako kunabwera makina osakaniza mosalekeza, omwe makhadi ogwiritsidwa ntchito amabwereramo gemu ikangotha. Pamakina amenewo palibe chowerenga.

Kuwerenga ndi mutu wako si mlandu ku America. Kugwiritsa ntchito kachipangizo ndiye mlandu, ndipo Nevada inakhazikitsa lamulo loletsa zimenezo mu 1985. Koma kasino ya ku Nevada ili ndi ufulu wokuuzani mwaulemu kuti masewera ena onse sewerani, blackjack yokha ayi, kapena kukutulutsani, ndipo mukabwerera mwalowa pamalo a eni popanda chilolezo. Ku New Jersey zinayenda mwina. Ken Uston anasumira kasino ya Resorts International, ndipo mu 1982 khoti lalikulu la chigawocho linagamula kuti makasino a ku Atlantic City sangathamangitse munthu chifukwa cha luso. Anapambana mlandu, koma makasinowo anangoyamba kusakaniza makhadi wowerenga akangokweza beti.

Poti chomwe chimaulula wowerenga ndi kulumpha kwa beti, ena anagawana ntchito. Njira yomwe Al Francesco anayambitsa m'ma 1970 inali yoti anthu angapo akhale pamatebulo osiyana, azibetcha kochepa akuwerenga, ndipo bokosi likakoma apereke chizindikiro kwa mnzawo wooneka ngati mpondamatiki woledzera, yemwe amangofika n'kuika zikwi. Gulu la ophunzira a ku MIT linagwiritsa ntchito njira yomweyi m'ma 1980 ndi m'ma 1990, ndipo nkhani yawo, itathiridwa mchere wambiri, inasanduka filimu ya 21 mu 2008. Chomwe filimu sionetsa bwino n'chakuti gululi linali ngati kampani: anthu oikamo ndalama, mayeso okhwima munthu asanaloledwe kusewera, ndi mabuku a ndalama.

Ine ndikaiona nkhani yonseyi, wopindula kwambiri ndi buku la Thorp ndi kasino. Bukulo lisanatuluke, masewera a patebulo otchuka ku Nevada anali craps. Patapita zaka, blackjack inalanda malo. Anthu miyandamiyanda anamva kuti masewerawa amagonjetseka, anagula buku, anawerenga mitu iwiri, n'kupita kukasewera ndi tchati choloweza mwatheka. Pa wowerenga mmodzi weniweni, kasino inalandira khamu la odziyesa owerenga. Thorp mwini wake sanakalambire patebulo. Mu 1967 analemba buku lina ndi Sheen Kassouf, Beat the Market, ndipo masamu ake anakawagwiritsa ntchito pamsika wa masheya, komwe palibe mlonda wokugwira paphewa.

Kwathu kuno juga inalowa m'thumba kudzera pafoni, ndipo pambali pa mpira ndi kandege, blackjack nayonso imapezeka pamenepo. Ya pakompyuta imasakaniza makhadi onse gemu iliyonse, choncho nambala yanu imabwerera pa 0 musanaigwiritse ntchito. Ya wogawa weniweni woonekera pakamera kawirikawiri imasakanizidwa bokosi likangofika chapakati. Wina akakutsatsani maphunziro a kuwerenga makhadi kuti muzidya pafoni, akugulitsani khasu lolimira pathanthwe. Ngati mwasankhabe kusewera, lowezani tchati cholingana ndi malamulo a tebulolo, inshuwalansi muikane, ikani ndalama yokhayo yomwe ikapita ana sagona ndi njala, ndipo musanakhale pampando werengani zolembedwa pansalu. Mukaona 6 pa 5, nyamukani.